Chifukwa chiyani kamfuti ka m'thumba kamavuta kuposa mfuti yaikulu?

Funso lachokera kwa bambo wina amene amakonza makina osokera ndi mawotchi ku Johannesburg. Mnzawo amene ali ndi laisensi anawatengera kumalo ophunzirira kuwombera. Kumeneko anaona kamfuti kakale ka Baby Browning kakukakamira pafupifupi pa magazini iliyonse (kabokosi koikamo zipolopolo), pomwe pisitolo yaikulu ya 9mm inkangowomba bwinobwino. Tsono mnzawoyo akufuna kuwapatsa kamfutiko kuti akapale pang'ono ndi tupa, poti iwo ndi mmisiri. Akufunsa kuti vuto la timfuti totere limakhala pati, komanso ngati munthu wa luso la manja angaphunzire kukonza mfuti monga ntchito ya pa nthawi yopuma.

Bambo, ndiyambe ndi pempho: tupayo ibwerere m'bokosi. Luso lanu sindikulikayikira, ndipo munthu amene amatha kutchera shatulo ya makina osokera kuti ikumane ndi singano pa nthawi yake amamvetsa nkhaniyi msanga kuposa anthu ambiri owombera. Koma pa timfuti tonse timene tinafika pa benchi yanga titawonongeka kotheratu, tochuluka sitinaphedwe ndi dzimbiri kapena ukalamba. Tinaphedwa ndi tupa ya munthu wofuna kuthandiza.

Pisitolo yaikulu ija munaiona ili ndi loko mkati. Ikawomba, mpope ndi silaidi, chitsulo chapamwamba chimene chimathamangira kumbuyo, zimabwerera limodzi zitagwirana kwa mamilimita ochepa. Zimasiyana pokhapokha chipolopolo chitatuluka, mphamvu ya onga itatsika. Baby Browning ilibe loko wotero. Mpope wake sumangirirana ndi silaidi n'komwe. Chimene chimatsekera chigoba chamkuwa, chija chimasunga onga kumbuyo kwa chipolopolo, m'chipinda chake ndi kulemera kwa silaidi basi, kuphatikizapo sipuling'i. Amisiri amati blowback. Onga ukayaka umakankha mbali ziwiri mofanana: chipolopolo kutsogolo, chigoba ndi silaidi kumbuyo. Chipolopolo chimatuluka msanga chifukwa n'chopepuka, silaidi imachedwa kunyamuka chifukwa ndi yolemera. Kuchedwa kumeneko ndiye chitetezo chonse cha nkhope ya wowombayo.

Tiwerengere pamodzi, poti ndinu munthu wa miyeso. Chipolopolo cha 6.35mm, chimene Baby Browning imawomba, chimalemera magalamu 3.2 ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 230 pa sekondi. Tiyerekeze kuti silaidi ikulemera magalamu 100, kutanthauza kuti ikuposa chipolopolocho pafupifupi ka 30. Ndiye liwiro lake likhala gawo limodzi mwa 30, mamita 7 pa sekondi kapena kupitirirako pang'ono. Pamene chipolopolo chayenda masentimita anayi m'kampope kaja n'kutuluka, silaidi imakhala itasuntha milimita imodzi ndi kanthu. Chigoba chikadali m'chipinda, makoma achitsulo akuchigwirira. Tsopano muike 9mm wamba kumbuyo kwa silaidi yomweyo: magalamu 8 pa mamita 350 pa sekondi. Kukankha kwake kukuposa kwa 6.35 pafupifupi kanayi, ndipo onga wake umapanikiza kwambiri. Chigoba chingatuluke msanga n'kuphulikira panja. N'chifukwa chake mapisitolo ochepa a 9mm opanda loko, monga a Hi-Point a ku America, ali ndi silaidi yolemera ngati njerwa, ndipo palibe angaiike m'thumba la shati.

Apa mwaona kale kuti munthu amene wapala silaidi kuti iziyenda mofewa, kapena wadula sipuling'i kuti asamavutike pokoka, wachotsa chinthu chokhacho chimene chimamuteteza.

Koma funso lanu lenileni ndi la kukakamira, ndipo yankho lake lili pa malo ndi nthawi. Ikani Baby Browning pambali pa Browning Hi-Power, mfuti ziwiri za fakitale imodzi ya FN ku Herstal, m'dziko la Belgium, zonse zodutsa m'manja mwa mmisiri mmodzi, Dieudonné Saive. Hi-Power ndi yaitali masentimita pafupifupi 20, Baby masentimita 10 ndi kanthu. Mfuti yafupika ndi theka. Nanga chipolopolo? Cha 9mm chonse ndi mamilimita pafupifupi 30, cha 6.35 ndi mamilimita 23. Chafupika ndi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi. Mfuti imatha kuchepa, koma chipolopolo chimakana kuchepa nayo limodzi, ndipo chala cha munthu sichichepa n'komwe.

Chotsatira chake n'chakuti silaidi ya kamfuti ilibe mtunda wopumira. Pa mfuti yaikulu, silaidi ikadutsa kumbuyo kwa chipolopolo chotsatira imapitirirabe pang'ono isanabwerere, ndipo mpata umenewo umapatsa sipuling'i ya m'magazini nthawi yokweza chipolopolo kufika pamalo pake. Pa kamfuti mpatawo ndi wochepetsetsa. Silaidi imagunda kumapeto n'kubwerera nthawi yomweyo. Sipuling'i ya m'magazini ikatopa pang'ono chabe, silaidi imapeza chipolopolo chikadali m'njira, n'kuchigunda pamimba kapena kuchidumpha. Kuchoka m'magazini kukalowa m'chipinda, chipolopolo chimakwera kachitunda kafupi kotsetsereka kwambiri, ndiye cha mphuno yaphwatalala kapena yobooka chimapunthwa pomwe cha mphuno yozungulira chikanadutsa. N'chimodzimodzi shatulo yochedwa ndi tsitsi limodzi: makina onse ali bwino, koma ulusi ukudumpha.

Kenaka pali dzanja. Kamfuti kamalemera magalamu pafupifupi 275, ndipo chogwirira chake chimakwana zala ziwiri, kwa ena chala chimodzi ndi theka. Kuti silaidi iyende mtunda wake wonse, thunthu la mfuti liyenera kuima nji. Dzanja likagwira molefuka, thunthu limabwerera limodzi ndi silaidi, mphamvu n'kuthera m'mkono, chigoba n'kutsala chitapanidwa pakhomo. Anthu a manja akuluakulu amavutikanso mwina: mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera umakhudza silaidi, imawatema, ndiponso imataya liwiro. Ndaonapo kamfuti kamodzimodzi kakukanira mwamuna wadzitho koma kakuwomba magazini atatu osaphonya m'manja mwa mkazi wake. Musanaganize zoti mfuti ikudwala, kaonetsetseni mmene mnzanuyo amagwirira.

Chimene chimandichititsa ulemu ndi John Moses Browning, mmisiri amene dzina lake lili pa mfutizi, n'chakuti mavuto amenewa anawaona mfuti isanapangidwe, ndipo anayambira ku chipolopolo. Munthuyu anabadwa mu 1855 ku Ogden, m'chigawo cha Utah, mwana wa mmisiri wa mfuti, ndipo anamwalira mu 1926 ali ku Belgium komwe ankagwira ntchito ndi FN. Pa nthawi imeneyo chipolopolo chaching'ono chotchipa chinalipo kale, cha .22. Koma .22 ili ndi mkombero waukulu kumbuyo, chifukwa choyatsira onga chake chili m'mkomberomo. Mikombero imakolana m'magazini, ndipo choyatsira chotere chimaphonya kawirikawiri kuposa cha pakati. Browning anapanga 6.35mm, imene Aamerika amati .25 ACP: mphamvu yofanana ndi ya .22 ikatuluka m'mpope waufupi, koma choyatsira chili pakati, mkombero ndi wochepa, chipolopolo n'chovekedwa chitsulo chosalala. Chinatuluka limodzi ndi kamfuti ka FN ka mu 1905 ndi 1906, ndipo kampani ya Colt inayamba kupanga kofanana nako mu 1908, n'kukatcha Vest Pocket, kutanthauza kathumba ka m'chovala cha mkati mwa jekete momwe amuna ankasungira wotchi. Saive anakachepetsanso, anachotsa chitetezo cha pa chogwirira chimene munthu ankachipanikiza ndi chikhatho, ndipo Baby inatuluka mu 1931.

Mkombero wochepa uja sunathetse zonse. Pa 7.65mm, mkulu wake wa 6.35, zipolopolo zazifupi zikamasewera m'magazini, mkombero wa chapamwamba umatha kugwera kumbuyo kwa mkombero wa chapansi pake, zonse n'kumangana. Pamenepo ngakhale mutakoka silaidi bwanji siipita kutsogolo, mpaka mutatulutsa magazini n'kuyalanso.

Amisiri amene anabwera pambuyo analimbana ndi kusowa malo komweku, aliyense mwa nzeru yake, ndipo kwa ine apa ndi pamene pali kukoma kwa ntchitoyi. Browning mwiniyo, pa FN ya 1910, anavekera sipuling'i pa mpope m'malo moiika pansi pake, mfuti n'kuphwa msinkhu. Walther wa ku Zella-Mehlis, ku Germany, anatenga njira yomweyo pa PP ya 1929 ndi PPK imene inatsatira, n'kumangirira mpope ku thunthu, zimene zimachititsa timfutito kulasa molunjika modabwitsa. Mtengo wake ndi sipuling'i yolimba imene anthu okalamba amalephera kukoka, ndi kumenya kowawa m'chikhatho pa 9mm yaifupi.

Beretta ya ku Italy inayang'ana dzanja lofookalo. Pa Model 950 ya m'zaka za m'ma 1950, mukakankha kachitsulo ka m'mbali, mpope umatukuka kumbuyo ngati chivindikiro, n'kuika chipolopolo ndi zala popanda kukoka silaidi. Anachotseratu kambedza kokokera chigoba, poona kuti onga umachikankha wokha. N'zoona chimatuluka chokha mfuti ikawomba. Koma chipolopolo chikakana kuyaka, kukoka silaidi sikuchichotsa. Muyenera kutukula mpope. Anagula kufewa kwa dzanja polipira ndi kambedzako.

Imene ndimaikonda kwambiri ndi ya Ludwig Seecamp, mmisiri wochokera ku Germany amene anakhazikika ku Connecticut. Ankafuna 7.65 m'mfuti ya msinkhu wa 6.35, pomwe masamu aja akukana. Pa LWS-32 ya 1985, chipinda cha chipolopolo chili ndi kangalande kozungulira m'khoma. Onga ukayaka, mkuwa umafufuma n'kulowa m'kangalandeko, chigoba n'kugwira khoma kwa kamphindi, silaidi n'kuchedwa. Chigobacho chimasanduka loko wake womwe. Anachotsanso zoyang'anira pamwamba, ponena kuti mfuti yotere ndi ya pafupi. Koma magazini yake inapimidwira chipolopolo cha mtundu umodzi, Winchester Silvertip, moti zipolopolo zambiri zotalikirapo sizilowamo. Mukaona mfuti yosankha chakudya chonchi, dziwani kuti mmisiri analibe milimita ina yotsala.

Njira imene inapambana masiku ano inabwera ndi pulasitiki. George Kellgren, pa Kel-Tec P32 ya 1999, anabwezera loko wa mfuti yaikulu m'kamfuti kakang'ono. Loko akakhalapo silaidi siifunikanso kulemera, sipuling'i imafewa, ndipo mfuti yonse inatsika pansi pa magalamu 200, kupepuka kuposa Baby pomwe chipolopolo chake n'chachikulupo. Ruger LCP ya 2008 inayenda m'mapazi omwewo. Ngakhale malamulo anaumbako timfuti timeneti: lamulo la ku America la 1968 litatseka khomo kwa timfuti tating'ono tochokera kunja, Baby inaleka kulowa kumeneko, ndipo Walther anaika silaidi ya PPK pa thunthu lalitali la PP kuti muyeso ukwane, n'kubadwa PPK/S.

Tibwerere ku kamfuti ka mnzanu. Kangakhale ndi zaka 50 kapena kuposa, ndipo timfuti totere timakhala moyo wonse m'kabati kapena m'chikwama. Kakanabwera kwa ine ndikanayamba ndi zipolopolo: zatsopano, za mphuno yozungulira, osati zotsala m'kabokosi ka malemu agogo. Ndikanatsuka. Mafuta akale amauma n'kukhala ngati phula, ulusi wa m'thumba umadzaza m'njira ya kasingano kobayira chipolopolo, ndipo litsiro la m'chipinda limagwira chigoba. Kenaka magazini, imene ili gwero la kukakamira kochuluka kuposa china chilichonse. Milomo yake ndi chitsulo chopyapyala, ikagwa pa simenti kamodzi imapindika mosaoneka ndi maso. Njira yoyesera ndi kubwereka magazini ina yabwino. Vuto likatha, mwalipeza. Pomaliza masipuling'i atsopano a muyeso wa fakitale, ndi kuyang'ana ngati kambedza sikanabenthuke. Pa mfuti khumi zotere, zambiri zimachira pamenepa popanda kuchotsa chitsulo ngakhale kafumbi.

Pali malo awiri pa Baby amene ndikufuna muwaope. Oyamba ndi kadzino kamene kamagwira kasingano mfuti ikakhala yotchera, kamene amisiri amati sear. Mfutiyi ilibe hamala yomenyera kasingano. Kasingano kamakhala kokokedwa pa sipuling'i, kakulendewera pa kadzinoko ndi kachigawo ka milimita. Kuuma kwa chitsulo chake kumakhala pakhungu pokha. Mukapala kuti tiriga, kachitsulo kamene chala chimakoka powombera, ifewe, mwafika pa chitsulo chofewa chamkati, chimene chimadyeka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina mfuti iwomba ikagwa pansi, kapena ikhuthula magazini yonse ndi kukoka kumodzi. Malo achiwiri ndi oti kasingano komweko ndi kamene kamakankhira chigoba kunja silaidi ikafika kumbuyo. Choncho potulutsa chipolopolo chamoyo, nsonga yake imakhala pafupi ndi choyatsira. Kokani silaidi modekha, chikhatho chisaphimbe pakhomo, mpope uloze kopanda munthu.

Ndikunena za kadzinoka ndi mtima wowawa chifukwa ndinalakwapo ndekha. Ndili wophunzira, anandipatsa kamfuti ka 6.35 kopangidwa ku Eibar, ku Spain, komwe mashopu ang'onoang'ono ambirimbiri ankatengera mapangidwe a Browning, ena ndi chitsulo chabwino, ena ndi chofewa. Tiriga inali yolimba, ndipo ndinangodutsitsa mwala wonolera kangapo pa kadzino, ndikudziona ngati ndathandiza. Mphunzitsi wanga anaika zipolopolo ziwiri zokha m'magazini poyesa, monga mwa chizolowezi chake. Anakoka kamodzi, zinatuluka zonse ziwiri. Sanandikalipire. Anandipatsa kachitsuloko kuti ndikasunge, ndipo ndikadali nako. Zikanakhala zisanu ndi chimodzi, kamfuti kopepuka chonchija kakanakwera m'mwamba m'dzanja lake, ndipo sindifuna kuganiza kumene chomaliza chikanapita.

Za malamulo, poti muli ku South Africa: Firearms Control Act ya 2000 imafuna laisensi ya umisiri wa mfuti kwa aliyense wosintha kayendedwe ka mkati mwa mfuti kuti iziwomba kangapo ndi kukoka kumodzi, kukula kwa chipolopolo chake kapena kutalika kwa mpope, ndipo kutenga mfuti ya mnzanu kupita nayo kunyumba mulibe laisensi yake ndi mlandu pawokha, ngakhale cholinga chili chabwino. Kwa mlendo m'dziko la eni, mlandu wotere umatha kuthetsa ntchito ndi chilolezo chokhalira. Kumudzi ku Malawi nakonso mfuti imafuna chilolezo cha apolisi, ndipo kusula mfuti, kaya ndi gogodera wosakira nyama, n'kuphwanya lamulo. Abale athu a ku Britain adziwe kuti mapisitolo wamba analetsedwa kumeneko mu 1997, pambuyo pa kuphedwa kwa ana a sukulu ku Dunblane mu 1996. Nkhani zambiri za anthu okonza mfuti m'magalaja mwawo zimene mumaona pa intaneti n'za ku America, komwe malamulo ndi ena.

Kupanga kamfuti kanukanu ndiye ndikukuletsani poyera, ndipo sindingakulongosolereni njira yake. Mukayang'ana pa mpope wa Baby mupeza tizidindo ting'onoting'ono ta nyumba yoyesera mfuti ya ku Liège, ku Belgium. Tikutanthauza kuti mfutiyo inawombedwa ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse, ili m'chipinda chotchinga, isanaloledwe kugulitsidwa. Ku Birmingham nyumba yotere ilipo kuyambira 1813. Mizinda imeneyi inaphunzira ndi zala ndi maso a anthu kuti chitsulo chooneka bwino kunja chimatha kubisa mng'alu. Mmisiri wa pakhonde alibe poyesera, woyesa wake ndi dzanja lake lomwe.

Komabe sindikufuna chidwi chanu chife, chifukwa amisiri a mfuti odziwa ntchito yosalala ndi ochepa, ndipo ambiri akukalamba. Khomo lake ndi lotseguka kwa munthu ngati inu. Yambani ndi zojambula za mapatenti a Browning, zimene aliyense angazione pa intaneti kwaulere; mukazitsata ndi pensulo muona chifukwa chimene chitsulo chilichonse chilili pamene chili. Lowani kalabu yowombera yovomerezeka, chitani maphunziro a chitetezo, mupeze satifiketi ya competency, yotsimikizira kuti ndinu woyenera kugwira mfuti, ngati mapepala anu akulola. Kenaka kagogodeni kwa mmisiri wa laisensi, mumuuze ntchito imene mumagwira. Munthu wodziwa kugwira maikulomita yopimira tinthu ting'onoting'ono, kupota sipuling'i yaing'ono ndi kumasula sikuluwu yakale osaiphwanya mutu sabwezedwa kawirikawiri. Miyezi yoyamba mudzakhala mukutsuka ndi kupima basi, monga ndinachitira ine.

Ndipo ulendo woyamba wa kwa mmisiriyo ukhale womwewu. Mnzanuyo anyamule yekha kamfuti kake, kopanda chipolopolo, ndi laisensi yake m'thumba, inu mumuperekeze. Atenge magazini onse amene ali nawo, kabokosi ka zipolopolo zimene ankawombera tsiku lija, ndi zigoba zingapo zowombedwa kale ngati anatola. Mmisiri akazitembenuza pa kuwala, mupemphe akuonetseni zimene akuwerengapo: kufufuma kwa mkuwa pafupi ndi mkombero, mikwingwirima ya m'mbali, kuya kwa pamene kasingano kanabaya.